Mwana amene anzake amusankha musamulande udindo

Funso

Ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Ntcheu, ndipo ndimaphunzitsa Social Studies. Chaka chino tinalola ophunzira kusankha okha head boy ndi head girl. Pa head girl panalibe vuto, koma pa head boy ana anavotera mnyamata wina wa Fomu 3 wapakamwa, amene satha mafunso ndipo anapatsidwapo chilango kawiri. Aphunzitsi anzanga akuti tifafanize chisankhocho, tiike mwana wofatsa amene anamutsatira pa mavoti. Makolo ena a m'komiti akuti zimenezi ndi zimene demokalase yatibweretsera, ana opanda mwambo. Inenso m'kalasi ndimaopa kukamba zandale kuti angamati ndikukopera chipani anthu. Ndichite bwanji, nanga ana tingawaphunzitse bwanji demokalase popanda kuononga mwambo wa pasukulu?

Yankho

Aphunzitsi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Chisankhocho musachifafanize. Ngati mnyamatayo munamulola kupikisana nawo, mavoti anawerengedwa poyera ndipo palibe amene anabera, head boy wanu ndi ameneyo. Tsiku limene mudzaime pa asembule n'kulengeza dzina la mwana wina, mudzakhala mutaphunzitsa phunziro limene lidzakhazikike m'mitu ya anawo kuposa zonse zimene mwalemba pabolodi chiyambire Fomu 1. Adzaphunzira kuti voti imagwira ntchito pokhapokha ikagwirizana ndi zofuna za akuluakulu. Ana ambiri a Fomu 3 ndi Fomu 4 atsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri kuti akwanitse zaka 18, msinkhu umene gawo 77 la Malamulo Oyendetsera Dziko limalola munthu kuvota, ndipo ena anakwanitsa kale. Mwana amene anaona voti yake ikutayidwa kusukulu, mukadzamuuza kuti akaime pamzere padzuwa kukalembetsa m'kaundula, adzakufunsani kuti phindu lake n'chiyani. Yankho lomukhutiritsa mudzalisowa.

Mawu a makolo aja musawapeputse, chifukwa pali chimene akuona. Ife amene tinaphunzira nthawi ya chipani chimodzi tinali nawonso maphunziro a unzika, ndipo anali amphamvu zedi. Tinkaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Apayoniya ankabwera m'sukulu kudzatigubitsa ndi kutiphunzitsa za Ngwazi. Pa Youth Week tinkalambula misewu ndi kuumba njerwa. Mtsogoleri akamayendera mbewu, makalasi ankatsekedwa, ana n'kukandanda m'mbali mwa msewu. Khadi la chipani ndi limene linkakulowetsa mumsika ndi m'basi. Zina mwa zimenezi zinali ndi ubwino wake, monga kugwirira ntchito mudzi wako osayembekezera malipiro, ndipo sindimanyoza kholo limene limazikumbukira. Koma m'ngodya zinayi zija munalibe ngodya ya kufunsa. Nzika yabwino inali imene yamva n'kuchita.

Kenako zinthu zinatembenuka mwaliwiro. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo ena mwa oyamba kutuluka mumsewu kuikira kumbuyo kalatayo anali ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, inagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi, anthu oposa 63 mwa 100 aliwonse atavomera zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 tinavota. Zonsezi m'zaka ziwiri zokha. Boma linasintha, malamulo anasintha, koma aphunzitsi tinali omwe aja, ndipo palibe amene anatikhazika pansi kutionetsa mmene sukulu imayendera m'dziko la demokalase. Chaka chomwecho sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ana n'kuchuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, boma n'kulemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite kukoleji. Mawu akuti ufulu ana anawamvera pawailesi ndi m'misonkhano ya kampeni. Chikwapu chinayamba kuletsedwa, koma chimene chinayenera kulowa m'malo mwake sichinabwere. Mwambo wa mantha unagwa, mwambo wa kumvana sitinaumange, ndipo chisokonezo cha pakatipo ndi chimene makolo amachitcha demokalase.

Mukakumana ndi makolowo, auzeni kuti malamulo amene amapatsa mwana mawu ndi omwenso amamusenzetsa udindo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene Malawi inalivomereza mu 1991, m'gawo 12 limati mwana amene wafika potha kuganiza payekha azimvedwa pa nkhani zomukhudza, molingana ndi msinkhu wake. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu ndi umoyo wa ana la 1990, m'gawo 31, limati mwana ali ndi udindo wolemekeza makolo ndi akuluakulu komanso wotumikira dera lake. Ziwirizi zimayendera limodzi. Muwakumbutsenso za kubwalo la mfumu, kumene iwo eni amakhalako. Mfumu yodziwa ntchito siyamba ndiyo kulankhula. Amalankhula wodandaula, amalankhula woyankha mlandu, ankhoswe ndi nduna amaikapo mlomo, mfumu n'kudzamanga nkhani pomalizira itamva zonse. Pakati pa Achewa ngakhale ufumu umene sumangotengedwa, mbumba imakhala pansi n'kuloza amene alowe. Kumva anthu usanagamule ndi khalidwe lathu lakale. Chatsopano n'chakuti tikupempha kuti mwana nayenso apatsidwe mpata pabwalopo, ndipo apa tivomereze kuti makolo athu sankatero. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi 17.5 miliyoni linali la ana osafika zaka 18. Dziko lotere silingadikire kuti munthu amere imvi kuti ayambe kuphunzira kuyankhula pagulu.

Tibwerere kwa mnyamata uja. Simunanene kuti zilango ziwirizo anazilandira chifukwa chiyani, ndipo nkhani yagona pamenepo. Ngati anamenya mnzake, anaba, kapena anachitira nkhanza mtsikana, ameneyo sanayenere kuima nawo pachisankho n'komwe, ndipo kulakwa kuli kwa akuluakulu amene sanaike lamulolo chisankho chisanachitike. Ngati zilangozo zinali za kuchedwa, kulongolola, kapena kufunsa mphunzitsi funso limene silinamukondweretse, palibe mlandu womulandira udindo. Anawo akudziwa bwino chimene anamusankhira. Akufuna munthu amene angalowe mu ofesi ya ahedi n'kutsegula pakamwa miyendo isakunjenjemera.

Ana anu anali aang'ono mu 2020, koma nkhani ya tipeksi anaimva. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko, motsogozedwa ndi Healey Potani, anafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha pa 21 Meyi 2019. Khoti la Supreme linagwirizana nawo mu Meyi, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni 2020. Funsani aphunzitsi anzanu kuti chisankho chija chinafafanizidwa bwanji. Panali odandaula, panali umboni wa mapepala a zotsatira, mbali zonse zinamvedwa kwa miyezi, chigamulo chinawerengedwa poyera tsiku lathunthu, zifukwa zake n'kulembedwa. Oweruza sananene kuti wopambanayo sakuwasangalatsa. Anaona mmene chisankho chinayendera. Muyezo umenewu ndi umene sukulu yanu iyenera kudziyeza nawo. Ngati wina ali ndi umboni wakuti panali chinyengo, abwere nawo, uunikidwe pamaso pa oimira ophunzira. Ngati umboni palibe, nkhani yatha.

Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere m'manja. Mwina mnyamatayo adzalepheradi. Akalephera, ana adzakhala ataphunzira, pamtengo wotsika, kuti pakamwa potsekemera ndi ntchito ndi zinthu ziwiri, phunziro limene akuluakulu ambiri timalilipira ndi zaka zisanu zathunthu. Komabe kumusemera nyanga si kumusiya achite zofuna zake. Mlembereni ntchito zake papepala, asayine. Lembaninso njira yochotsera mtsogoleri pa udindo: milandu yake ndi iti, amamva nkhaniyo ndani, woimbidwa mlandu amayankha liti. Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati munthu amene akuluakulu a boma amupangira chiganizo chomukhudza ali ndi ufulu woti zichitike mwachilungamo ndi kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Sukulu ya boma ndi nthambi ya boma, ndipo mwana akaona gawo limeneli likugwira ntchito pa mnzake sadzaliiwala.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndili mphunzitsi pasukulu ina yogonera komweko. Usiku wina ana anaswa mawindo a holo yodyera ndi ofesi, apolisi n'kubwera, sukulu n'kutsekedwa milungu ingapo. Chifukwa chake chinali nyemba zofumbwa ndi ufa wonunkha. Titayamba kufufuza tinapeza kuti ana anali atadandaula kangapo kudzera mwa mapulifekiti, koma mapulifekitiwo, amene tinawasankha ndife aphunzitsi chifukwa cha kufatsa kwawo, sanafikitse dandaulolo. Ankaopa kuoneka ngati ndiwo akuyambitsa. Ana angapo anachotsedwa sukulu, ena mwa iwo anzeru kwambiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Titatsegula tinakhazikitsa komiti ya chakudya yosankhidwa ndi ana eni, imene inkaloledwa kuona thumba lililonse likamatsitsidwa kusitolo ya sukulu ndi kukana chimene chaonongeka. Nyemba sizinasanduke nyama, koma ana atadziwa ndalama zimene zilipo ndi mtengo wa thumba limodzi, mkwiyo unachepa. Amene ankagwira ntchito kwambiri m'komitiyo anali ana omwe kale tinkawatcha ovuta.

Pamenepa ndinaphunzira kusiyanitsa maudindo awiri amene sukulu zambiri zimawasakaniza. Pulifekiti ndi diso la aphunzitsi pakati pa ana: amaona ochedwa, amayang'anira kusesa, amalemba olongolola. Woimira ophunzira ndi pakamwa pa ana kwa aphunzitsi. Munthu mmodzi akasenza zonse ziwiri, amasankha mbali imene ili ndi mphamvu yomulanga, ndipo mawu a ana amafera panjira. Choncho pambali pa mapulifekiti khazikitsani bwalo la ophunzira, kalasi iliyonse isankhe mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi, kuyambira Fomu 1. Lizikumana kawiri kapena katatu pa teremu, tsiku lodziwika, ndi mlembi wake wolemba zokambirana m'kope. Mphunzitsi mmodzi akhalepo ngati mlangizi, koma asakhale wapampando.

Chimene chimapha mabwalo oterewa ndi kuwapatsa nkhani zopanda mano. Ana akazindikira kuti ntchito yawo ndi kukonza disiko ndi kulandira alendo, amatopa nalo. Apatseni nkhani zenizeni. Ndalama za masewero zilipo zakuti, kodi tigule mpira wa miyendo, wa manja, kapena tilipire galimoto yopita kukasewera ndi sukulu ina? Zimbudzi za atsikana zilibe zitseko, tichite chiyani teremu ino? Lamulo la mafoni likhale lotani? Sitadi ya masana iziyamba nthawi yanji, poganizira amene amayenda mtunda wautali ndi amene amakafikira kumunda? Ndipo ana akapempha chinthu, mphunzitsi wamkulu ayankhe ndithu, pamsonkhano wotsatira kapena pa bolodi la zidziwitso: ichi tavomera, ichi takana chifukwa chakuti, ichi si cha ife koma cha ku ofesi ya maphunziro. Kukana kokhala ndi chifukwa ana amakulandira bwino kuposa mmene timaganizira. Chimene sapirira ndi kukhala chete. Ndingakondenso mutamata pakhoma ndalama zimene sukulu yalandira ndi mmene zagwirira ntchito. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga m'maofesi a boma linakhazikitsidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo mwana amene wazolowera kuwerenga ndalama za sukulu yake ndi amene adzafunse za ndalama za khonsolo.

Pali zinthu zimene sizipita kuvoti, ndipo muwauze ana poyera kuyambira pachiyambi. Savotera silabasi, savotera tsiku la mayeso a MANEB, savotera kuti mwana wa Fomu 1 azitizidwa. Ambiri sangagwirizane zochotsera mmodzi ulemu wake. Limenelinso ndi phunziro la demokalase, ndipo ndi chifukwa chake Mutu 4 wa Malamulo Oyendetsera Dziko, umene umateteza ufulu wa munthu aliyense, ulipo.

Tsopano za mantha anu a m'kalasi. Ndi mantha omveka. Mu Febuluwale 2011 mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi kukafunsidwa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo mkangano wa ufulu wa aphunzitsi umene unabuka pamenepo unasokoneza maphunziro kwa miyezi yambiri. Ngati zinachitika kuyunivesite, mphunzitsi wa kumudzi amene mwana wa wapampando wa chipani ali m'kalasi mwake ali ndi chifukwa chosamalira lilime. Ndi zoonanso kuti inu ngati wogwira ntchito m'boma simuyenera kukopera chipani anthu pantchito. Koma pakati pa kukopera chipani anthu ndi kukhala duu pali bwalo lalikulu limene ndi lanu.

Lamulo limene ndimapatsa aphunzitsi ndi ili: ana asadziwe chipani chimene mumavotera, koma adziwe kuti mumavota. Musavale nsalu kapena chipewa cha chipani pafupi ndi sukulu. Mukapereka chitsanzo cha cholakwa cha boma, tengani zitsanzo m'maboma osiyanasiyana, chifukwa kuyambira 1964 palibe boma limene lilibe pokomera ndi polakwa pake. Mwana akafunsa kuti inu muli mbali iti, m'bwezereni funso: iwe ukuona bwanji, umboni wako ndi uti, amene akutsutsana nawe anganene chiyani? Pamene nkhani ili ya zoona zokhazikika, monga tsiku la riferendamu kapena zimene lamulo likunena, nenani mosazengereza. Pamene anthu oganiza bwino amasiyana maganizo, ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti mbali zonse zamveka mwachilungamo.

Ndipo yambirani pafupi. Buku limatchula nthambi zitatu za boma, ana n'kuloweza, n'kukhoza mayeso, koma ambiri sangasiyanitse ntchito ya phungu ndi ya khansala. Sindiwadzudzula. Makhansala tinawasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi zimenezo anthu anazolowera kuti mjigo, mlatho, ngakhale bokosi la maliro, zonse amapempha kwa phungu, pamene ntchito yaikulu ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kulondoloza boma. Ndiye tumani ana m'magulu akafufuze chinthu chimodzi cha m'dera lawo, kaya ndi mjigo wa pafupi ndi sukulu kapena mdadada wa makalasi umene unaima pa windo. Anapempha ndani? Pempholo linadutsa ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera la mfumu yaikulu (ADC)? Ndalama zinachokera kuthumba la chitukuko la m'dera la phungu (CDF), kukhonsolo, kapena kubungwe? Ukaonongeka amakonza ndani? Mwana amene walondola mjigo umodzi kuchoka kumudzi mpaka kuboma wamvetsa za mphamvu ku anthu kuposa amene waloweza tanthauzo lake. Mukafuna kuitana khansala kapena phungu kudzayankha mafunso, pewani nyengo ya kampeni, ndipo mafunsowo akonze ndi ana.

Bweretsani buku lenileni la Malamulo Oyendetsera Dziko m'kalasi, ana aligwire. Ambiri amamaliza Fomu 4 asanalionepo. Bungwe la NICE, limene lakhala likuphunzitsa anthu za unzika kuyambira 1999, lili ndi maofesi m'maboma, ndipo ndi malo oyamba kukafunsako mabuku ndi anthu odzakuthandizani. Werengani nawo gawo 12, limene limati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo wolamulira amazigwira pokhapokha anthuwo akupitiriza kumukhulupirira. Kenako afunseni kuti mawu amenewa akutanthauza chiyani pa head boy amene amusankha.

Nkhani imodzi imene imatenthetsa kalasi popanda kukhudza chipani ndi ya ana achirasta. Kwa zaka zambiri ana osunga tsitsi lopota chifukwa cha chipembedzo ankabwezedwa m'sukulu za boma. Mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa woweruza Zione Ntaba, linagamula kuti kuwakaniza sukulu n'kuphwanya ufulu wawo. Gawani kalasi patatu, ena aimire makolo a mwanayo, ena aimire sukulu ndi lamulo lake la kumeta, ena akhale oweruza. Musawauze chigamulo mpaka atamaliza. Mudzaona ana amene amagona pa phunziro lanu akudzuka. Adzakangana za ufulu wa chipembedzo, za ufulu wa maphunziro wa m'gawo 25, za ngati lamulo la sukulu lingapose lamulo la dziko, ndipo adzaona kuti anthu ochepa amene alibe chipani kapena gulu lalikulu akhoza kupeza chilungamo popanda kugenda mwala.

Pamikangano yotere lolani Chichewa. Ndikudziwa kuti mayeso ndi a m'Chingerezi ndipo ana ayenera kuchizolowera, koma mtsutso wa m'Chingerezi chokhachokha umasanduka mpikisano wa ana anayi kapena asanu amene anaphunzira pulaimale m'tauni, enawo n'kumangowomba m'manja akamva mawu aatali. Misonkhano ya VDC, ya komiti ya sukulu, ya kumpingo, kumene anawa adzakhale akuluakulu, imachitika m'chinenero chawo. Akangane m'Chichewa, kenako alembe mfundo zawo m'Chingerezi. Muzionanso amene akulankhula. M'makalasi ambiri osakanikirana anyamata amatenga nthawi yonse, mtsikana akaima kuti anene maganizo ake ena n'kuyamba kung'ung'udza. Muletse zimenezo pomwepo. M'Nyumba ya Malamulo imene inasankhidwa mu 2019 amayi sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a aphungu 193, ndipo kuchepako kumayambira m'makalasi mwathu momwemu. Mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, monga ndondomeko ya boma yakhala ikulolera kuyambira 1993, nayenso ali ndi ufulu woima pachisankho cha pasukulu.

Musaiwale foni. Ana anu amamva zandale pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok musanafike m'kalasi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo zinaphetsa anthu osalakwa. Kamodzi pa sabata tengani uthenga umodzi umene ukuzungulira, muufunse mafunso pamodzi ndi ana: wayambitsa ndani, waona yekha kapena wamva, wailesi kapena nyuzipepala yodziwika yanenapo, akupindula ndani tikaukhulupirira. Mphindi khumi zimakwana.

Chisankho cha chaka chamawa muchikonze kuyambira tsopano, pamodzi ndi anawo. Malamulo a amene angaime alembedwe ndi kumatidwa teremu isanathe. Pakhale komiti yoyendetsa chisankho ya ophunzira amene sakupikisana nawo, kaundula wa ovota wochokera m'marejisitala, malo obisika ochongera, ndi mamonita a wopikisana aliyense powerenga mavoti. Opikisana aime pa asembule anene zimene adzachite, anzawo awafunse. Kugawa masiwiti, mandasi kapena mayunitsi kukhale mlandu wochotsa munthu pampikisano, ndipo muwauze kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa zomwezo kwa andale akuluakulu. Mukhoza kuwapatsanso funso lakuti wopambana akhale amene wangoposa anzake kapena apeze mavoti oposa theka, monga makhoti anatanthauzira mu 2020 pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Asankhe okha njira, ndipo adzamvetsa 50+1 chifukwa adzakhala ataiwerengera pa mavoti awo.

Za sabata ino, pemphani mphunzitsi wamkulu kuti nkhaniyi ikambidwe kumsonkhano wa aphunzitsi musanalengeze chilichonse. Funsani anzanu funso limodzi lokha: ndi lamulo liti, limene ana ankalidziwa asanavote, limene mnyamatayu waphwanya? Ngati palibe, pemphani kuti apatsidwe teremu imodzi pansi pa mlangizi amene anawo amamukhulupirira. Kenako muitaneni mnyamatayo pamodzi ndi head girl, muwakhazike pampando, osati kuwaimika pakhomo. Muuzeni mosabisa kuti aphunzitsi ena akumukayikira ndi chifukwa chake, kuti zilango ziwiri zija anthu sanaziiwale, ndi kuti kuyambira lero akachedwa ndiye kuti wachedwetsa onse amene anamuvotera. Mufunseni zinthu zitatu zimene anzake amutuma, azilembe, mugwirizane tsiku limene mudzayankhe. Mwana wofatsa amene anamutsatira pa mavoti uja musamutaye. Muitaneninso payekha, mumuyamikire chifukwa cholimba mtima kuima nawo, ndipo mumupemphe kuti akhale mlembi wa bwalo la ophunzira ngati anzake angavomere.